Chogwirira Nyundo cha Amalume

Mausi ya kompyuta yomaliza, ya pakona pafupi ndi chitseko, inali yosweka pamsana. Wina anaimanga ndi tepi yakuda, ndipo tepiyo ikafunda m'manja inkatulutsa ulimbo womata zala. Batani lake lakumanzere linkafuna kulikanikiza ndi mphamvu ngati ukupha nsabwe. Anyamata onse ankaithawa mausi imeneyo. Mmenemo ndi mmene inakhalira yanga, m'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinayamba Fomu 1 ku Zvishavane.

Tinkakhala ku Maglas, m'nyumba zakale za mgodi wa asibesitosi umene unali utaleka kale ntchito. Agogo anga aamuna anabwera kuchokera ku Dedza ali mnyamata kudzalowa mumgodi umenewo, bambo nawonso analowa momwemo, mpaka chifuwa chinawatenga ine ndili ku pulayimale. Amayi ankagulitsa zovala za m'mabelo pa renki ya makombi, timabasi topita ku Gweru. Juni akafika mphepo inkatsika pa milu yoyera ya zotsalira za mgodi, ndipo m'mawa ukapukuta tebulo unkapeza nsalu yayera. Kunyumba tinkayankhula Chichewa chosakanikirana ndi Chishona, kusukulu Chishona chokha ndi Chingelezi. Anzanga akafuna kundipweteka ankanditchula kuti mubwidi, kutanthauza munthu wobwera wopanda kwawo. Sindinkalira nazo. Ndinkamenya.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anatsika kombi chakumayambiriro kwa nyengo imeneyo dzanja lamanja lili m'mabandeji. Ankakumba miyala ya kolomu m'maenje ang'onoang'ono a ku Lalapanzi, ndipo mwala unawagwera. Atamasula mabandeji tinaona kuti kwatsala chala chachikulu ndi kakang'ono kakumapeto, pakati pali malo osalala, ofiira, onunkha mankhwala a kuchipatala. Kale amalume anali munthu wa phokoso. Akabwera pa Khirisimasi ankandinyamula m'mwamba n'kumakuwa mawu a Chilapalapa a mumgodi, akuti pasopa, chenjera. Tsopano ankangokhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, kumene dzuwa linkayambirira kufika, dzanjalo atalibisa m'jekete. Amayi ankawamangira mabatani a malaya, kuwameta ndevu, kuwaduladulira nyama. Ndinkaona kuti amayi akuchita zimenezi ndi nkhope yowala, ndipo ndinkaganiza kuti akungobisa chisoni.

Chaka chomwecho sukulu yathu inalandira makompyuta, ndipo aphunzitsi a zojambulajambula za luso anayamba kuphunzitsa masana kujambula zinthu pa kompyuta. Palibe amene analemba lamulo lakuti atsikana asalowe. Zinkangodziwika kuti belu likalira anyamata amapita ku makompyuta, ife kokasoka. Ine kusoka ndinkakuona tsiku ndi tsiku, chifukwa madzulo ndinkathandiza amayi kukonza mabatani a zovala za m'mabelo. Tsiku lina ndinangotsatira anyamata, n'kukakhala pakona paja.

Aphunzitsi anali munthu wamtali, wovala juzi yobiriwira yong'ambika pachigongono, ndipo sankakonda kubwereza mawu. Anandiyang'ana n'kuloza kunja.

"Iwe musikana, kosoka ndi uko."

"Ndikudziwako, aphunzitsi," ndinayankha, osadzuka.

Anandipatsa chilango chosesa chipindacho. Ndinasesa, mawa lake n'kubweranso. Anandituma kukatunga madzi othirira maluwa a kutsogolo kwa ofesi. Ndinatunga, manja akuuma ndi kuzizira, n'kubweranso. Patapita masiku anasiya kundiona. Ankadutsa kumbuyo kwanga ngati mpando uli wopanda munthu. Lero anthu ena akamva nkhani imeneyi amafuna kuti ndinene kuti aphunzitsiwo anali munthu woipa. Sanali. Anali ndi makompyuta ochepa, magetsi othimathima, ndi anyamata ochuluka okankhana, ndipo ine ndinali vuto lowonjezera limene sanalipemphe. Komabe sindinayambe ndaganizapo kuti ndinkayenera kuchoka.

Pa sikirini pankaoneka bwalo labuluu lodulidwa ndi timizere ngati pepala la masamu, ndipo kumbali kunali zinthu zoti ukoke: bokosi, mpira, chubu, denga. Ukakoka bokosi n'kulisiya pabwalopo linkakhala chinthu choti ungachikulitse, kuchifupikitsa, kuchiboola. Ntchito yoyamba ya kalasi inali kumanga nyumba: bokosi pansi, denga pamwamba, chitseko pakati penipeni. Aphunzitsi ankafuna nyumba zabwino kwambiri zikaonetsedwe ku Gweru kumapeto kwa teremu.

Chimene chinandikwiyitsa ndi chakuti zinthuzo sizinkandimvera. Ndikakoka bokosi kuti ndiliike pamene ndikufuna, linkadumpha lokha n'kukamata pa mzere wapafupi. Ndikalibweza pang'ono, linkadumphiranso mzere wina. Anyamata ankati kumeneko ndi kusinapa, ndipo ankasangalala nako. Ine ndinkaona ngati kompyutayo ikundilanda chinthu m'manja. Ndinafufuza mpaka ndinapeza kabatani kozimitsira, pansi kumanja, n'kukazimitsa. Bokosi linayamba kuyenda mosalala kulikonse kumene dzanja langa lafuna. Ndinamva kukoma ngati ndapambana ndewu.

Nyumba sindinaimange. Ndinali ndi changa m'mutu. Ndinkaona amalume akulimbana ndi supuni ndi dzanja lamanzere, phala likutayikira pa malaya, iwo n'kukankha mbale. Ndiye ndinajambula kachibangili kovala padzanja, kokhala ndi kabowo kolowetsamo supuni. Pamene aphunzitsi anatuluka ndinasindikiza chithunzicho pa pepala, n'kuthamanga nacho kunyumba.

Amalume analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, ataligwira ndi zala ziwiri zija. Ankanditchula mwa Chishona kuti muzukuru, kutanthauza mwana wa mlongo wawo.

"Muzukuru, supuni ndi ya odwala," anatero, akundibwezera. "Ngati makina akowo ali ndi nzeru, andipangire chogwirira nyundo."

Amayi anali pakhomo akuyanika zovala, ndipo anamva. Anaika beseni pansi.

"Achimwene, musamuikire mwana zimenezo m'mutu. Dzenje lija latenga zokwanira."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, ndisadzamve."

Ndinamva bwinobwino. Koma nditayang'ana amalume ndinaona kuti akhala mowongoka koyamba chibwerereni, ndipo dzanja lija analitulutsa m'jekete, lili pabondo poyera.

Tinayeza amayi atapita ku renki. Ndinazunguliza ulusi pamkono pawo, pamwamba pa mfundo ya dzanja, n'kuuyala pa rula. Tinayeza mpini wa nyundo ya bambo imene inkakhala pansi pa bedi, nyundo yaifupi yolemera yoswera miyala. Amalume anandifotokozera zimene akufuna: chitsulo chopindika chokumbatira mkono, chomangidwa ndi malamba, ndi chubu chowotcherera pansi pake cholowetsamo mpini, kuti zala ziwirizo zizingowongolera, mphamvu izichokera kuphewa. Khungu la pa chilondacho linali lofewa ngati la khanda, ndipo ulusi ukalikhudza ankapuma mokoka mpweya, koma sanabweze mkono.

Ndinajambula kwa masiku angapo, pakati pa kuthima kwa magetsi. Magetsi akathima anyamata ankatuluka kukasewera mpira, ine ndinkakhala pomwepo kudikira, manja m'khwapa, kuopa kuti ndikachoka wina atenga malo. Ndinapanga chitsulo chopindika pochotsa theka la chubu chachikulu. Ndinakoka chubu chaching'ono n'kuchiika pansi pake, ndikuyeza ndi maso, kuchisuntha pang'onopang'ono mpaka ndinaona kuti chili pakati. Poyang'ana kutsogolo chinkaoneka chokongola. Aphunzitsi anaima kumbuyo kwanga kamodzi n'kufunsa kuti nyumba yanga ili kuti. Ndinati nyumba tili nayo kale kwathu. Anyamata anaseka, iwo sanaseke. Anati amene sanamange nyumba sadzapita ku Gweru. Ndinati ku Gweru ndinafikako.

Kuseri kwa renki kunali bambo wina wowotcherera zitsulo amene anagwirapo ntchito ndi bambo anga. Anatenga mapepala anga, a kutsogolo, a m'mbali ndi a pamwamba, n'kutsatira manambala amene kompyuta inalemba, osawonjezera kapena kuchotsa. Anagwiritsa ntchito zidutswa za mpando wakale wa basi. Malamba ndinadula ku chikwama chong'ambika cha m'mabelo a amayi.

Loweruka m'mawa ndinawamanga amalume chitsulocho. Kuseri kwa nyumba kunali mwala waukulu wotuwa umene amayi ankachapirapo. Amalume anakweza nyundo n'kumenya. Nyundo inafika pamwala chammbali, inaterereka, chitsulo chinapotoka pamkono n'kung'amba chilonda. Sanakuwe. Anangokhala pansi, atagwira mkono, magazi akudontha pafumbi. Fungo lake linali ngati la misomali yonyowa.

Amayi atabwera sanandimenye, ngakhale ndinali nditakonzeka. Anatsuka chilondacho ndi madzi amchere, anamanga, kenako anatenga chitsulo changa n'kukachiponya padenga la chimbudzi. Anandiuza mawu amene ndimawamvabe mpaka lero: "Makani ako adzakwirira munthu." Usiku sindinadye. M'mawa ndinakwera pa diramu n'kuchitsitsa, ndinachikulunga m'juzi, n'kuchiika m'chikwama cha sukulu.

Lolemba ndinachiika patebulo pambali pa mausi, magazi ouma akadali pa lamba. Ndinkayang'ana chitsulocho, n'kuyang'ana sikirini, osaona cholakwika. Aphunzitsi anadutsa, anabwerera. Anachinyamula, anachitembenuza, anasuzumira m'chubu ndi diso limodzi. Anafunsa kuti ndi cha yani, ndinawauza. Kenako anakoka mpando wa mnyamata wapafupi n'kukhala pambali panga, chinthu chimene anali asanachitepo.

Anagwira mausi yanga yomata ija, anakanikiza batani lakumanja n'kukoka. Chithunzi chonse chinazungulira. Ndinali ndisanachionepo chojambula changa kuchokera pansi. Chubu chimene ndinkati chili pakati chinali chitapendekera kumbali, mutu wake kumanzere, mchira kumanja, ndipo kumapeto kwina sichinkakhudza n'komwe chitsulo chopindikacho. Chinkangolendewera m'malere. Wowotcherera uja anapanga ndendende chimene ndinamupatsa.

Aphunzitsi anayang'ana pansi kumanja kwa sikirini. "Wazimitsa ndani ichi?"

"Ine."

"Chifukwa?"

"Chimandilanda zinthu."

Ndinaona pakamwa pawo pakugwedezeka ngati akufuna kuseka, koma anadziletsa. Anayatsanso kabatani kaja. "Diso limanama," anatero. "Limakuuza zimene ukufuna kumva. Timizereti tilibe chibale ndi munthu."

Anandionetsa kamodzi kokha, monga mwa chizolowezi chawo. Unkasankha zinthu ziwirizo pamodzi, n'kudina chizindikiro cha kulinganiza, chimene anyamata ankachitcha kualayina. Pamenepo timadontho takuda tinkatulukira m'mphepete: kumapeto, pakati, kumapeto ena, m'litali ndi m'lifupi momwe. Ukadina kadontho kapakati, chubu chinkalumpha n'kukakhala pakati penipeni pa chinzake. Kenako unkachikweza, chikudumpha mzere ndi mzere, mpaka chitagunda pansi pa chitsulo chopindika n'kumata popanda mpata. Ukatero unkazimanga pamodzi kuti zikhale chinthu chimodzi, n'kuzungulizanso chithunzi kuti uone mbali zonse. Atamaliza anafafaniza zonse zimene anachita, kubwezera chubu changa popendekera paja, n'kudzuka.

"Panga wekha. Ndipo nyumba ndikuifunabe."

Ndinapanga ndekha. Ndinalakwitsa kadontho, chubu chinathawira kumapeto, ndinabweza. Ndinadina kena, chinakwera m'mwamba, ndinabweza. Nditapeza koyenera, chubucho chinalumphira pamalo pake mwakamodzi, ndipo ndinamva ngati mmene zimakhalira fupa lobzungunuka likabwerera. Ndinazunguliza chithunzicho kuchokera pansi, pamwamba, kumbuyo, kufunafuna mpata. Panalibe. Ndiyenera kunena kuti sindinayambe kukonda kusinapa tsiku limenelo. Ndinangoona kuti makani anga anali atalunjika pa chinthu cholakwika, ndipo ndinawatembenuzira kwina. Lero ntchito yanga ndi kujambula zotchingira makina a m'migodi kuti asadye manja a anthu, ndipo sinditumiza chojambula chilichonse ndisanachiyang'ane kuchokera pansi. Nyumba ija sindinaimange. Ku Gweru anapita anyamata, ndipo anabwerako ndi nkhani za ayisikirimu.

Wowotcherera anadula chubu n'kuchiwotchereranso motsatira mapepala atsopano. Mkati mwa chitsulo ndinamatamo chidutswa cha bulangete kuti chisadye khungu. Tinadikira kuti chilonda chipole, ndipo nthawi yonseyo chitsulocho chinkagona m'chikwama changa, pakati pa mabuku, chifukwa ndinkadziwa kuti amayi akachipeza ulendo uno chikagwera m'chimbudzi mwenimwenimo.

Kuzizira kunali kutayamba kutha, mphepo ya Ogasiti ikunyamula mapepala m'misewu, pamene tinayesanso. Amalume anamanga okha malamba, akukoka ndi mano. Anaimirira pa mwala uja, anapuma, anamenya. Kulira kwake kunali kwina, kolunjika, kouma, ndipo kunabwerera kuchokera ku makoma a nyumba za anzathu. Anamenyanso. Kachitatu mwala wochapirapo wa amayi unang'aluka pakati. Amalume anaseka mpaka kutsokomola, anatukwana mwalawo m'Chilapalapa, ndipo anapitiriza kuuphwanya mpaka unasanduka timiyala. Ana a nyumba zoyandikana anadzaza pa mpanda. Ine ndinaima manja m'chiuno kuti aliyense adziwe wajambula ndani.

Amayi anafika madzulo ndi mtolo wawo pamutu. Anayang'ana timiyalato, anayang'ana mkono wa mlongo wawo, anayang'ana ine. Anangofunsa kuti tsopano azichapira pati. Kenako analowa m'nyumba.

Sabata isanathe amalume analongedza. Ankati ku Lalapanzi sadzalowanso pansi, azikaswa miyala kumtunda, koma ankanena akuyang'ana kumbali. Amayi anawachapira zovala zonse m'beseni, anawasita, anawakazingira mtedza wa panjira. Sanawapemphe kuti akhale. Tinawaperekeza ku renki m'mawa, ine nditanyamula chikwama chimene munali nyundo ya bambo ndi chitsulo changa. Asanakwere amalume anandigwira mutu ndi zala ziwiri zija n'kuuza kondakitala, amene sanafunse n'komwe, kuti uyu ndi injiniya wa pabanja pathu.

Amalume anagwira ntchito zaka zambiri ndi chitsulo chimenecho, pansi ndi pamwamba pomwe, ndipo ali moyo, amaweta mbuzi chakufupi ndi Mvuma. Sindinapepese kwa wina aliyense chifukwa cha chimene ndinapanga, ndipo atati masiku abwerere ndingachipangenso, kungoti chowongoka kuyambira ulendo woyamba. Munthu wamkulu anandiuza chimene akufuna ndi dzanja lake, ndipo dzanjalo linali lake.

Koma m'mawa umenewo kombi itanyamuka ndinatembenuka kuti amayi andiyamikire, ngakhale pang'ono chabe. Anali ataima pambali pa mtolo wawo wosamasula, akuyang'ana msewu wa ku Gweru, ngakhale kombi inali itakhota kale. Mayi wina anabwera kudzafunsa mtengo wa siketi, iwo sanamve. Ndinakwiya. Ndinaganiza kuti ndi nsanje, kuti zikuwawawa kuti mwana wawagonjetsa, ndipo ndinapita kusukulu osatsanzika.

Ndinali ndi zaka zochepa kuti ndiwerenge amuna a m'nyumba mwathu mmene amayi ankawawerengera. Apongozi awo analowa pansi, amuna awo analowa pansi, ndipo onse anatuluka ndi imfa m'chifuwa. Mmodzi yekha ndi amene dzenje linamulavula akupuma, litangotenga zala zitatu, ndipo amayi anaona kuti mtengo umenewo ndi wotsika. Nkhope yowala ija pometa ndevu ndi pomanga mabatani sinali yobisa chisoni. Nyengo yonse yozizira ija amayi ankagona tulo, chifukwa mlongo wawo anali kuseri kwa nyumba, pa njerwa, pamene ankatha kumuona.